Nambala Yotsiriza Mdima Usanagwe

Ku Oulu, mwezi wa Disembala,
dzuwa limangosuzumira ngati mlendo wolakwitsa khomo
n'kubwerera.
Ndatsala ndekha pansanjika yachitatu
ndi kachipangizo kongokwana m'manja,
kotumbulidwa pamimba, timawaya tili panja,
ndi khofi amene wazizira kachitatu.

Ntchito yanga ndi kuwala kwa kuseri kwa galasi.
Anthu amangoti sikirini yayaka.
Sadziwa kuti kumbuyoko kuli tinyale sikisi pamzere
timene sitiyaka n'kukhazikika:
timayaka, kuzima, kuyaka, kuzima,
mothamanga mpaka diso limagonja
n'kuvomera kuti kukuwala.
Kuchepetsa kuwala ndiko kutalikitsa timidima ta pakatipo.
Ndinaziphunzira ndili mtsikana
ndipo mpaka lero sindinazizolowere.

Lolemba ndinalemba ziro, galasi n'kung'anima ngati mphezi.
Ndinalemba 255, kunangoti bii.
Wina ku fakitale anatembenuza kamwendo kamodzi ka chipu
osauza munthu.
Mawu amodzi m'fayilo, tsiku lonse linathera pomwepo.
Jyrki anaseka mpaka kutsamwa ndi buledi wake wakuda uja.

Lachitatu kunabwera Veikko Karppinen,
woyendetsa lole ya mitengo wa ku Pudasjärvi,
nsapato zikudonthetsera chipale chosungunuka pakapeti.
Anaponya kachipangizoko pathebulo.
Akuti usiku m'nkhalango akachepetsa kuwala
kamaphethira m'mbali mwa diso,
mutu umayamba kumuwawa asanafike pamsewu wa tala.
Ndinati makina athu sakuona vuto.
Iye anati, makina anuwo sayendetsa lole.

Ndiye ndakweza liwiro.
Kuchoka pa mazana awiri pa sekondi kufika pa chikwi.
Kuphethira kwatha, koma kakoyilo kayamba kulira,
kaliwu kowonda ngati udzudzu wa m'Julaye
kamene ine sindikukamva,
koma Sointu, wophunzira ntchito, wagwira makutu.
Ndakwezanso, zikwi makumi awiri ndi zisanu,
kumene ngakhale khutu la Sointu silifika.
Basi masitepe apansi asowa:
wani, thuu, fili, onse mdima umodzi,
folo n'kudzambatuka ngati wathiridwa madzi kutulo.

Diso silidziwa masamu.
Pakati pa 200 ndi 250 silitolapo kanthu,
koma pakati pa thuu ndi fili limaona phompho.
Choncho mndandandawu ndikuulemba pamanja,
manambala othinana pansi, otayana pamwamba,
kufufuta, kulembanso,
batire nayo ikundiyang'ana ngati mwini ngongole
pa kadontho kalikonse ka moto kamene ndawonjezera.

Itakwana naini ndavala chijasi
ndi magolovesi onenepa ngati a Veikko,
ndayendetsa galimoto kupyola nyale yomaliza ya mumsewu,
ndazimitsa injini.
Kunja kukuzizira mpaka tsitsi la m'mphuno kuuma.
Mphindi khumi ndangokhala,
kudikira maso aiwale ofesi.

Twelofu: kukuthobwa.
Naini: nkhope yanga ikuonekabe pawindo.
Seveni: nkhope yachoka, zilembo zatsala,
ndipo kuseri kwa zilembo, kunja,
mitengo ya paini yabwerera m'malo mwake.
Sikisi: palibe kanthu.
Ndabwerera pa seveni, ndapendeketsa mutu,
kuyang'anira m'mbali mwa diso monga amachitira iye.
Duu. Sikakuphethira.

Palibe adzayamike seveni.
Akalondola, sadziwika kuti alipo.
Mawa fayilo idzapita kwa anthu amene sindidzakumana nawo,
ndipo zaka zikubwerazi wina wofuna kusunga batire
adzaona nambalayi n'kuganiza kuti inangogwera pomwepo.
N'chifukwa chake ndavula golovesi imodzi,
zala zikuluma,
ndalemba pambali pake, pamzere umene makina sawerenga:
musatsitse kupyola apa,
kuli munthu m'nkhalango akuwerenga mitengo.